Chiphapha chiti mudzutse mukapuma pantchito: Datsun, chikumbu, Land Rover kapena Benz?

Kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25 kwaima Datsun ya pikapu yomwe mayi a kunyumba amaitchula kuti khola. Sakunama kwenikweni. Tsiku limene ndidaiona koyamba, kumudzi kwa alamu anga cha ku Mchinji, idali pansi pa mtengo wa mango, matayala onse anayi ataphwa mpaka kumira m'dothi, ndipo pampando wa dalaivala padali thadzi likufungatira mazira. Lero ikulira, ndipo imayenda yokha kuchoka kuseriko kukafika pa geti. Ine zanditsalira zaka ziwiri kuti ndikwanitse 60 ndipume pantchito.

Anzanga amsinkhu wanga akaiona, aliyense amatulutsa yake ya mumtima. Wina amakumbuka Peugeot 404 ya matola yomwe inkamutengera kusukulu, wina chikumbu (Volkswagen Beetle) cha abambo a ku mishoni, wina Benz ya bwana wake woyamba. Onse amati, "Ndikangopuma, ndigula yanga ndiidzutse." Yankho langa kwa iwo limakhala lomwelomwe: galimoto yakale isankheni ndi mafunso awiri, masipeya ake achokera kuti, ndipo mapepala ake ali m'dzina la ndani. Chikondi chibwere pachitatu. Chikabwera poyamba, chiphaphacho chidzafera panyumba panu monga chidafera kwa mwini wake woyamba, kungoti tsopano chitadya penshoni.

Ndalama ya malipiro kapena ya penshoni

Lamulo la penshoni la 2023 limalola wopuma pantchito kulandira theka la ndalama zake nthawi imodzi, pomwe kale zinali 40 pa 100 iliyonse. Ndalama yobwera pakamodzi imanyenga. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akudikira pa 27 amadzuka tsiku lina akaunti itatupa, n'kuyamba kuona ngati injini yatsopano ndi nkhani yaing'ono. Koma ndalama imeneyo ndi ya denga, ya mankhwala a BP ndi shuga, ya fizi ya mwana wotsiriza. Siibweranso kachiwiri.

Njira ina ndi kuyamba mudakali pantchito, zaka ziwiri kapena zitatu zisanakwane, n'kumagula masipeya pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro. Ine ndidasankha imeneyi, ndipo kwacha yomwe idandiphunzitsa. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Sipeya iliyonse ya galimoto yakale mtengo wake weniweni uli m'madola kapena m'marandi, ngakhale mwaigula pa Malangalanga. Choncho zofunika kuitanitsa kunja muziyamba nazo, monga magasiketi, maringi, malabala a zitseko ndi zamabuleki. Zimenezi zikhoza kudikira m'katoni pamwamba pa wadilopu. Ntchito ya manja, yowotcherera ndi yosoka mipando, ili konkuno ndipo simathawa.

Musadzinamizenso kuti ndi bizinesi. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu otolera magalimoto akale omwe amalipira ndalama zoopsa. Kuno wogula wanu adzayerekeza mtengo ndi Toyota Sienta ya ku Japan yoziziritsa m'kati, n'kukufunsani chifukwa chake yanuyo ilibe wailesi. Ndalama imene mwaikamo muiwerengere ngati ya chisangalalo, yofanana ndi ya munthu woweta nkhunda.

Datsun 1200 ndi Nissan 1400

Ndiyambe ndi imene ndikuidziwa mpaka bawuti. Datsun 1200 ya pikapu idayamba kupangidwa mu 1971, ndipo ku South Africa, pa fakitale ya ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, adapitiriza kuipanga m'dzina la Nissan 1400 mpaka 2008. Chinsinsi chonse chili pa chaka chimenechi. Maonekedwe ndi a nthawi ya Kamuzu, koma masipeya ake ndi a dzulodzuloli, ndipo ku Joni akugulitsidwabe atsopano m'mashopu wamba. Basi ikanyamuka ku Johannesburg, katoni yanu imafika mu Lilongwe sabata yomweyo.

Injini yake, A12 ya 1,171cc kapena A14 ya 1,397cc, ndi yosavuta ngati ya njinga yamoto. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, kabuleta imodzi, ndipo mulibe kompyuta. Makaniko aliyense wa ku Biwi amene adaphunzira ntchito asanabwere makina olumikiza pa galimoto amaimanga akucheza nanu za mpira. A12 ikatheratu, A14 imalowa pamalo pake popanda kudula chitsulo, ndipo Nissan 1400 za m'zaka zomaliza zinali ndi magiya 5 ndi mabuleki a disiki kutsogolo, zomwe anthu amasamutsira pa zakalezo. Mafuta imamwa ngati mwana.

Vuto lake lili pa mafupa. Pikapu iyi ilibe chasisi yapayokha ngati Hilux. Bodi ndi chasisi ndi chinthu chimodzi. Dzimbiri likadya pansi pa zitseko, pansi popondapo, ndi pamene pamagwira masipuling'i a kumbuyo, ndiye kuti lathyola msana. Komanso zambiri mwa izi zidagwira ukapolo. Galimoto yopangidwira katundu wa pafupifupi theka la tani inkasenza matumba a chimanga, njerwa ndi anthu pamwamba pake. Lowani pansi ndi tochi muone ming'alu ndi zigamba zowotcherera. Chinanso, kutsogolo kwake ndi kothina. Ngati ndinu wamtali kapena mimba idabwera ndi maudindo, kayeseni kaye kukhalamo. Zidzukulu zilibe pokhala.

Komabe kwa munthu woyamba kumene, ine ndimaloza iyi. Imathekadi, ndipo ikatha imagwira ntchito: feteleza wopita kumunda, matumba obwera kunyumba. Pakhomo nkhani ya galimoto yonyamula katundu imamveka msanga kuposa ya galimoto yongopukuta Lamulungu.

Chikumbu

Volkswagen Beetle ndiyo imaimitsa anthu pamsewu. Zidapangidwa zoposa 21 miliyoni, ku South Africa mpaka 1979, ndipo yomaliza idatuluka ku Puebla, Mexico, mu Julayi 2003. Pa chifukwa ichi palibe sipeya yake yosapezeka padziko, kuyambira galasi la nyali mpaka chitsulo chonse cha pansi. Koma pa shelefu ya mu Lilongwe musayembekezere kupeza zambiri. Pafupifupi chilichonse n'choitanitsa, ndipo zina zotsika mtengo n'zachabechabe.

Ubwino wake kwa munthu wachikulire wofuna kugwira yekha ndi woti chilichonse n'chopepuka. Injini ili kumbuyo, imagwiridwa ndi mabawuti anayi okha, ndipo anthu awiri ndi jeke amaitsitsa masana amodzi. Ilibe radiyeta, ilibe madzi. Imazizira ndi mphepo ya fani ndi oyilo.

Apa ndi pamene zikumbu zambiri za kuno zidafera. Injini ija imazunguliridwa ndi timalata totsogolera mphepo ku masilinda, komanso labala lotchinga kuti mpweya wotentha wa pansi usabwerere m'kati. Makaniko wosazolowera amaona timalatato ngati zokongoletsa, n'kutisiya pansi pomanga. Galimoto imalira bwinobwino m'tauni, koma tsiku lokwera zitunda za ku Salima mu Okutobala, valavu ya silinda yachitatu imapsa n'kuthyoka. Mavalavu ake amafuna kuwachuna pafupipafupi, mpata wa 0.15mm injini itazizira, ndipo oyilo, malita awiri ndi theka okha, amasinthidwa pa makilomita 5,000 kapena asanakwane, poti mulibe fyuluta yeniyeni koma kasefa. Payipi ya petulo imadutsa pafupi ndi moto, ndiye ikang'aluka galimoto imayaka. Batire lili pansi pa mpando wa kumbuyo. Likakhala losavundikira, munthu wonenepa akakhalapo zitsulo za mpando zimagunda mitu ya batire.

Ndiye chikumbu ndi cha munthu wokonda kuwerenga buku la galimoto ndi kudetsa manja ake. Wofuna kungotuma ndi kulipira achisiye, chifukwa amisiri ochidziwa bwino atsala owerengeka, ndipo ambiri ndi okalamba kuposa ife.

Land Rover Series III

Iyi tonse tidakula tikuiona: ya apolisi, ya chipatala, ya a zaulimi, ya ku esiteti. Series III idapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, yaifupi ya mainchi 88 ndi yaitali ya 109. Masipeya ake ku Britain ndi msika waukulu mpaka lero, ndipo kuno ziphapha zake zilipo zambiri m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji ndi m'mamishoni, moti kugula ziwiri kuti mupange imodzi n'kotheka.

Imanyenga ndi bodi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye galimoto yazaka 45 imaoneka ngati ikungofuna kusambitsa. Chikomekome cha mkuyu. Chasisi ndi yachitsulo, chimodzimodzinso chipupa cholekanitsa injini ndi okwera, ndipo ziwirizi ndizo zimaola. Matope a dzinja amalowa m'chasisi n'kukhala momwemo zaka. Popita kukaiona tengani kanyundo, mugogode chasisi yonse kuyambira kutsogolo mpaka mtanda wa kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira kuti nge, chowola chimayankha mogonthera n'kugwetsa makoko. Chasisi yatsopano imagulitsidwa kunja, koma mukawerengera sitima, lole ndi msonkho, mudzapeza kuti kuli bwino kufunafuna chiphapha china chokhala ndi chasisi yamoyo.

Ntchito yake ndi yokoma chifukwa chilichonse chimamasuka ndi bawuti, ngati mukuphwasula bedi, kungoti mufunika masipanala a mainchi. Koma chilichonse n'cholemera. Giyabokosi yake simungainyamule ndi mdzukulu. Kuyendetsa kwakenso ndi ntchito: chiwongolero chouma, mabuleki a dramu mawilo onse, phokoso loti simumvana ndi amene mwakhala naye, ndipo pa liwiro la 80 imakhala ikudandaula kale. Injini ya petulo ya malita 2.25 imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita. Amene adagonapo pamzere wa mafuta mumzinda muno awerengere yekha. Ya dizilo imamwa pang'ono koma ndi yaulesi kwambiri.

Ngati mukapuma mukukakhala kumudzi kumene msewu umafa mvula ikayamba, ndipo msana ndi mapewa zikadali bwino, Land Rover ili ndi chifukwa. Ngati maulendo anu ndi a ku tchalitchi ndi ku Gateway Mall, mukudzizunza chabe.

Peugeot, Benz ndi Land Cruiser

Peugeot 404 ndi 504 palibe ina yozidziwa misewu ya kuno ngati izo. 404 idapambana mpikisano wa East African Safari kanayi m'zaka za m'ma 1960, ndipo 504 idapitiriza kumangidwa ku Kenya mpaka 2004 ndi ku Nigeria mpaka 2006. Pa mabampu imayandama ngati bwato, mipando yake ndi ya pabalaza. Chondibweza ine ndi njira ya masipeya. Sachokera kumwera kumene mabasi athu amapita tsiku ndi tsiku. Muyenera kukhala ndi munthu ku Nairobi, ku Dar es Salaam kapena ku France. Injini yake ya petulo ili ndi masilinda ochita kulowetsa okhala m'madzi, ndipo wochotsa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, mosasamala akawagwedeza, madzi amayamba kutsikira mu oyilo. Mukapeza 504 yoyenda kale ndi mdala woidziwa, tengani. Ya pansi pa mtengo, yopanda magalasi ndi nyali, idzakulizani, chifukwa tizinthu ta bodi ndi tomwe timasowa.

Mercedes-Benz W123, ija ya 200, 230E, 240D ndi 300D, idapangidwa kuyambira 1976 mpaka chapakati pa m'ma 1980, pafupifupi 2.7 miliyoni, zina zomangidwa ku East London. Mwa zonse ndatchulazi, iyi ndiyo yabwino kukalamba nayo: mabuleki a disiki mawilo onse anayi, mipando ya anthu asanu, bodi yoteteza pangozi. Injini ya 240D, ikamalandira oyilo wabwino, ikhoza kukuikani m'manda iyo ikuyendabe. Koma Benz yotsika mtengo ndi msampha. Ili ndi timapayipi ta mpweya toyendetsa maloko a zitseko, ndipo pa ya dizilo ngakhale kuzimitsa injini kumadalira timapayipi tomweto. Tikatayikira, mumachotsa kiyi galimoto n'kumalirabe. Malabala a kumiyendo ndi ambirimbiri, lililonse mtengo woboola m'thumba. Pampu ya dizilo ikafuna kukonza, ndi ntchito ya akatswiri okhala ndi makina ake. Langizo langa pa Benz ndi lakuti mugule yabwino koposa imene thumba lingathe, n'kumaisamala. Yakufa musaidzutse.

Land Cruiser ya 40 Series, ya 1960 mpaka 1984, ndingoidutsa. Ndi yolimba kuposa Land Rover, koma eni ake adamva kale kuti kunja ikufunidwa, ndiye ngakhale chiphapha chomera udzu amachitchula mtengo wa nyumba.

Mapepala musanagwire sipanala

Datsun yanga idakhala miyezi isanu kumudzi kuja nditagwirizana kale mtengo, ine osaikhudza. Blue book idali m'dzina la malemu bambo awo a alamu anga. Galimoto ya malemu ndi chuma chamasiye, ndipo lamulo la 2011 la chuma chamasiye silisewera ndi munthu wotenga katundu wotero mwachidule. Mwana mmodzi sangakugulitseni payekha. Pamafunika amene adapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndi kuvomereza kwa ena onse, zolembedwa. Chiphapha chikakhala pansi pa mango palibe amachifuna, koma tsiku limene chidzatuluke chikunyezimira, abale a ku Joni ndi a ku Mzuzu adzakumbukira kuti adali galimoto ya bambo awo.

Yerekezerani nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zili pa chitsulo ndi zimene zili mu blue book, chilembo ndi chilembo. Kenako pitani nokha ku Road Traffic mukafunse ngati galimotoyo ikupezeka mu kompyuta yawo ya MalTIS ndi zimene zikufunika kuti umwini usinthe. Nkhani imeneyi musaipereke kwa dobadoba. Galimoto yopanda mapepala ndi ya masipeya basi, ngakhale itakongola bwanji, ndipo mtengo wake ukhale wa masipeya.

Ena amaganiza zokagula ku South Africa, kumene zakale zosamalika zilipo zambiri. N'zotheka, koma pamafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, ulendo wodutsa Zimbabwe ndi Tete, kenako msonkho wa MRA, womwe umakwera galimoto ikakhala yakale ndiponso injini ikakhala yaikulu. Ya ku Durban kapena ku Cape Town imabweranso ndi dzimbiri la mphepo ya mchere. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, kutali ndi nyanja ya mchere, ndiye magalimoto a kuno amaola pang'ono. Chimawaononga ndi masamba odzaza m'ngalande za madzi pansi pa galasi, makoswe odya mawaya, ndi amisiri a fila.

Za fila, phala lomata pa bodi asanapente, ndinene pang'ono. Popita kukaona galimoto yopentedwa kumene, tengani maginito a sipika yakale muwakulunge m'kansalu, muziwayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa matayala. Pamene pali chitsulo amakakamira. Pamene agwa, pali fila wochindikala ngati chigumu, ndipo pansi pake pali bowo. Pa Land Rover njira iyi siigwira, poti aluminiyamu sagwira maginito.

Kuidzutsa, kuiphwasula yonse, kapena kuisintha

Pali njira zitatu, ndipo imene imakopa kwambiri ndiyo imapha magalimoto ambiri. Munthu amafika nayo kunyumba Lachisanu, pofika Lamulungu waichotsa zitseko, mipando, injini, mawaya, akuti ayambire pa chitsulo. Kuphwasula n'kosavuta ndipo n'kwaulere. Pakatha chaka mabawuti ali m'zitini zosalemba, ana atenga ena kukapangira magalimoto a mawaya, ndipo mwini wake saikumbukanso mmene idalili. Mapeto ake ndi anyamata ogula zitsulo zakale. Kuphwasula yonse kumafuna shedi yotseka, ndalama yosadukiza ndi zaka. Ngati mwasankha njira imeneyi, jambulani chilichonse ndi foni musanamasule, ndipo bawuti aliyense alowe m'kajumbo kolembedwa.

Njira imene ine ndatsata ndi yoidzutsa kaye, n'kumakonza chigawo chimodzi galimoto ili yathunthu. Tidayamba ndi kuthira oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, kudikira masiku angapo, n'kuyesa kupukusa injini ndi sipanala. Itatembenuka, tidatsuka thanki, kusintha mapayipi a petulo, kutsuka kabuleta, kuthira oyilo watsopano, ndiyeno kuiliza. Pambuyo pake mabuleki, chiwongolero, mawaya, dzimbiri. Penti ndiye womaliza, ngakhale mtima umafuna kuyamba ndi iyeyo. Galimoto imene imalira Loweruka lililonse imakupatsani mphamvu yopitiriza, ndipo ndalama ikadula mutha kuima miyezi itatu popanda chotayika.

Pa zosintha, ndimazigawa pawiri. Pali zosaoneka zomwe ndingalimbikitse aliyense. Malamba a pampando. Mabuleki a disiki kutsogolo ngati alipo ogwirizana nayo, ndi master cylinder, pampu ya mabuleki, ya njira ziwiri kuti payipi imodzi ikaphulika musatsale opanda mabuleki potsetsereka. Alternator m'malo mwa dayinamo. Moto wa electronic m'malo mwa mapointi, tizitsulo togundana toyendetsa moto wa ku mapulagi, kuti musamatsegule boneti pamsewu. Ma relay a nyali, chifukwa maso a zaka 60 ndi nyali za 1975 pa M1 usiku sizigwirizana.

Palinso zimene mafuta a lero amatikakamiza. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa idayamba mu 1982, ya ku Chikwawa idabwera pambuyo. Ethanol amafewetsa malabala akale ndipo amakoka chinyezi, choncho galimoto yongoima milungu yambiri thanki yake imachita dzimbiri m'kati ndipo kabuleta imatsekeka. Ikani mapayipi atsopano opirira ethanol ndi kafyuluta koonekera m'kati, ndipo muziiyendetsa. Petulo wa mtovu, amene ankateteza pokhalira mavalavu, adasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa cha mu 2006. Injini za hedi ya aluminiyamu, monga Datsun ndi chikumbu, sizidandaula kwenikweni. Ya Land Rover ya petulo hedi yake ndi yachitsulo, ndiye tsiku limene mwaitsitsa, ikitsani pokhalira mavalavu polimba.

Gulu lachiwiri ndi losintha mtima wa galimoto. Makaniko wanga, mnyamata wa ku Kawale wodziwa ntchito yake, tsiku loyamba adangoyang'ana injini n'kunena kuti, "Madala, iyi ingotayani. Tipeze ya Toyota tiikemo, muiwale mavuto."

Ndidamufunsa kuti, "Nanga giyabokosi ilumikizana bwanji, achimwene?"

"Timapanga puleti."

"Radiyeta? Shafiti? Mabuleki oimitsa mphamvu imeneyo?"

Adaseka n'kuti, "Zimenezo timaonera konko."

Mawu akuti timaonera konko ndi amene amadya penshoni. Kusintha injini kuli ndi malo ake. Pa Land Rover anthu amaikamo 200Tdi kapena 300Tdi za Land Rover yomweyo, kapena dizilo ya Toyota 3L ndi 5L ya mu Hiace, yomwe masipeya ake ali paliponse chifukwa cha maminibasi. Mafuta amatsika, mphamvu imakwera. Koma giyabokosi ndi mashafiti a kumbuyo a Series III adapangidwira mphamvu yochepa, ndipo phazi likalemera amathyoka. Injini za timagalimoto ta ku Japan tomwe tadzaza m'tauni, ngati Vitz ndi Sienta, zimakhala chopingasa ndipo zimakoka ndi mawilo a kutsogolo, zili ndi kompyuta ndi mtolo wa mawaya. Kuziika mu galimoto yokoka kumbuyo ndi ntchito ina yaikulu payokha. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, zikalembedwenso ku Road Traffic ndipo a inshuwalansi adziwe, ndipo injini yogulayo ikhale ndi lisiti yooneka nambala yake. Zoisandutsa yamagetsi zilipo kunja, koma mtengo wa mabatire okha ndi kuzimazima kwa magetsi kuno zikutseka nkhaniyo.

Agwire ndani, kuti

Kuisiya ku galaja ndi njira yooneka yophweka, ndipo ndidailawa. Ndidapereka zitseko ziwiri ndi boneti ku galaja ina kuti aziwongole, n'kulipiriratu zonse poti mwini wake tinkapemphera limodzi. Zidakhala miyezi isanu ndi iwiri. Galaja imadyera galimoto zolowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Ntchito ya mdala wosafulumira imakankhidwira kumpanda. Nditapita kukazitenga, chitseko chimodzi chidali chopanda chogwirira ndi makina okwezera galasi. Akuti adabwereka kasitomala wina. Tangoganizani ikadakhala galimoto yonse.

Kugwira nokha zonse nakonso kuli ndi malire. Kuwotcherera chitsulo chopyapyala cha bodi ndi luso la zaka, ndipo makina owotcherera mageti ndi mawindo amangobowola. Kubowola masilinda ndi kupala crankshaft ndi za ku makina. Penti wamakono wosakaniza ndi hardener ali ndi mpweya woononga mapapo, wosatchingika ndi kansalu kapakamwa. Fumbi la mabuleki akale likhoza kukhala ndi asbestos, ndiye musalipemerere ndi mpweya, lipukuteni ndi nsalu yonyowa. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yekha kapena pa njerwa zowotcha. Njerwa imaphwanyika osachenjeza. Zitsulo zochirikizira zinayi zikhale chinthu choyamba kugula.

Imene yandiyendera ine ndi yapakati. Galimoto imagona pakhomo panga, pansi pa shedi ya malata yomwe ndidamanga ndisanaikoke. Mmisiri amabwera Loweruka, timagwirizana ntchito imodzi ndi mtengo wake, masipeya ndimagula ndekha, zakale zochotsedwa zimatsala pano, ndipo ndimalipira ntchito ikatha. Ine ndimakhala wothandizira: kutsuka, kupala dzimbiri, kupatsira sipanala, kufunsa mafunso mpaka kutopetsa. Achinyamata otsiriza maphunziro a zamagalimoto ku Lilongwe Technical College kapena ku Don Bosco ku Area 23 ambiri amafuna ntchito zoterezi, ngakhale pa kabuleta ndi mapointi mupeze wachikulire woti aziwaunikira. Zopita kunja kwa mpanda ndi zokhazo zofuna makina, chimodzichimodzi, zitalembedwa m'kope.

Kalendala nayo muiyang'ane. Kuwotcherera ndi kupala dzimbiri kumafuna chilimwe, poti chitsulo chopalidwa mu Januwale chimachita dzimbiri usiku umodzi. Kupenta kumakoma mvula itangosiya, fumbi ndi mphepo za Ogasiti zisanayambe. Ikadzapeza COF ndi inshuwalansi, musayambe ndi ulendo wa kunyanja. Pitani ku Lumbadzi n'kubwerera, kenako ku Dedza, mukumvetsera ndi kununkhiza. Msewu wa ku Salima, wotsika mamita oposa 500 popita n'kuwakweranso pobwera, ndiwo mayeso omaliza a mabuleki ndi radiyeta.

Ife Loweruka lino tikusintha mapayipi a mabuleki a kumbuyo, ndipo labala la galasi la kutsogolo likadali m'njira kuchokera ku Joni. Dzulo mayi a kunyumba adaima pakhomo la kukhitchini akuyang'ana shedi, n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi khola lanuli likhala litapeza mapepala oyendera pamsewu pofika Meyi? Chimanga cha ku Mpingu chija chaka chino sindilipiranso ngolo."